Mbale za soya za Bambo Bong

Mi-ran atandiimbira foni sanayambe ndi za mapaipi ayi. Anayamba ndi pempho.

"Mayi Tak, mukapita kwa bambo anga, chonde amuna anga asamve."

Ndakhala ndikuyala mapaipi a madzi otentha pansi pa nyumba za anthu kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, kuyambira pamene msana wa amuna anga unakana ntchito n'kundisiyira zida. Kuitanidwa mobisa sichinali chachilendo kwa ine. Komabe ndinafunsa.

"Amuna anuwo alakwa chiyani?"

"Anayala mapaipiwo ndi iwowo, nyengo yotentha yathayi. Si ntchito yawo, amaphunzitsa masamu ku Wonju kuno. Anawerenga mabuku miyezi itatu, n'kunena kuti ndi mphatso yawo kwa apongozi awo."

"Ndiye nyumba ikuzizira?"

"Kwina ikuzizira, kwina ikuwotcha. Palafini akutha ngati pali wina akumumwa. Koma bambo zimenezo alibe nazo ntchito. Iwo akudandaula za soya."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Anabwereza, soya. Kunena zoona, mawu amenewa ndi amene anandikweza m'galimoto, chifukwa sabata imeneyo ntchito ndinali nayo yokwana kale.

Unali mwezi wa Januwale. Msewu wa ku Jeongseon, kumene kunkakhala bambo ake a Mi-ran, unali woterera m'makhota, ndipo ndinafika cha m'ma 10 m'mawa. Nyumbayo inali yakale, yazipinda zitatu, itatsamira phiri. Bambo Bong anandilandirira pachipata. Anali aafupi, amapewa otakata, zaka zawo kuyandikira makumi asanu ndi atatu. Anayang'ana galimoto yanga asanayang'ane ine.

"Tayala lakumbuyo kumanzereko lachepa mpweya," anatero.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka. Koma lachepa mpweya."

Anali atayendetsa basi m'mapiri amenewo zaka makumi anayi. Akazi awo anamwalira zaka zinayi zapitazo, ndipo chiyambire ankakhala okha.

Nditavula nsapato n'kulowa, ndinaima pakhomo pomwepo. Pansi ponse panali mbale. Timbale ta mpunga, tina m'mbali mwa khoma, tina pakati pa chipinda, tina kupitirira chitseko cha kuchipinda chogona. Kalikonse kanali katavekedwa chinachake: aka chipewa chaubweya, aka thaulo, aka sokosi. Pambali pa kalikonse anamata kapepala kolembedwa nambala. Fungo lake linali la soya wofufumitsa, koma losakanikirana ndi lina losasa.

"Pondani bwino, mayi. Nambala 6 ndi ameneyo pafupi ndi phazi lanu."

"Zilipo zingati?"

"Khumi ndi ziwiri. Khalani pansi, koma osati pakonapo, mupsa matako."

Anandithirira tiyi wa balere n'kuyamba kufotokoza. Akazi awo chaka chilichonse m'nyengo yachisanu ankaphika soya mpaka kufewa, kumuika m'dengu pamodzi ndi timitolo ta udzu wa mpunga, kumufunditsa bulangete n'kumusiya pansi pofunda masiku atatu. Tsiku lachitatu soya ankananda, ukamutunga ndi supuni ankakoka ulusi woyera. Msuzi wake ndi umene unkawadutsitsa m'chisanu. Chaka chomaliza, mayiwo atayamba kufooka, anawakhazika amuna awo pansi n'kuwaphunzitsa zonse.

"Zaka zitatu ndapanga ndekha, osaphonya," anatero Bambo Bong. "Chaka chino kanayi konse, kutaya. Ndinayamba ndaganiza kuti ndaiwala china chake chimene anandiuza. Ndinasintha soya. Ndinakapempha udzu kwina. Mpaka ndinachapa bulangete lake lija, limene ndinali ndisanalichapepo."

Anazunguza kapu m'manja.

"Kenako ndinati ayi, Chun-sik, iwe ndiwe dalaivala. Basi ikamakokera mbali imodzi umatsika n'kugogoda matayala limodzilimodzi. Ndiye ndinaphika soya mphika umodzi, n'kumugawa m'mbale khumi ndi ziwiri. Lero ndi tsiku lachitatu. Sindinavundukule. Ndimadikira inu."

Anthu ambiri akandiitana amangoloza pansi n'kunena kuti sipakufunda. Sindinakumanepo ndi munthu amene anayeza nyumba yake ndi chakudya. Ndinakwinya manja a juzi n'kugwada nawo limodzi.

Nambala 1, yapakona, soya anali atauma gwa, pansi pake atada. Nambala 2 chimodzimodzi. Nambala 4 ndi 5 anakoka ulusi, ndipo bamboyo anakweza supuni m'mwamba mpaka ulusi kuduka, nkhope ili mwee. Koma nambala 7, imene inali kutsidya la chitseko cha kuchipinda chogona, inali yozizira, soya ali monga anamuikira. Kuyambira 8 mpaka 12 anali atasasa, wina atamera nkhungu.

"Taonani apa," ndinatero. "Pakati pa 6 ndi 7 pali mapazi angati?"

"Awiri."

"Madzi sazizira pa mapazi awiri. Amazizira pang'onopang'ono akamayenda. Apa pali chinthu."

Ndinavula masokosi n'kuyenda chopanda kanthu kuphazi. Pakona panali potentha moti sungaimepo nthawi yaitali. Pakati panali bwino. Nditangodutsa pachitseko, mapazi anachita zii ngati ndaponda mwala wa kumtsinje.

Ndinapita kuseri kwa khitchini kumene kunali boyila ya palafini yotenthetsera madzi a m'mapaipi. Inali ikulira osapuma. Pansi pake pali chitsulo chimene chimagawa madzi kupita m'zipinda, ndipo chinali ndi pakamwa panayi. Mapaipi anali awiri okha. Pena pawiri anatsekapo ndi zotsekera zatsopano.

Kenako ndinakatenga kamera yanga yoona kutentha. Ukailoza pansi, mapaipi obisika m'simenti amaoneka ngati mizere yofiira. Bambo Bong anaima kumbuyo kwanga, mpweya wawo ukundifika m'khutu.

"Ee! Ndi mapaipi amenewo? Mukuona kudutsa simenti?"

"Sindikuona mapaipi. Ndikuona kutentha kwawo."

"Tabweretsani."

Anailoza pa dzanja lawo, pa ketulo, pa nkhope yanga. "Mphuno yanu ndi yozizira, mayi." Anaponda pansi n'kuchotsa phazi, ndipo ataona chidindo cha phazi lawo chitatsala pagalasi, anaseka mpaka kutsokomola. Ndinachita kuwalanda.

Chimene ndinaona chinandidabwitsa. Pakona paja mizere inali yothinana ngati zala za dzanja. Pakati pa chipinda inatalikirana kwambiri, pena kupitirira chikhatho chotambasula kawiri. Ndipo pachitseko mzere wofiira unangothera pamenepo, kutsidya kwake kuli mdima wokhawokha, kupatula kachizindikiro kofooka.

Tili choncho, panja panaima galimoto. Ndinasuzumira pawindo n'kuona bambo wamtali, wamagalasi, akutsika ndi bokosi la manachesi kudzanja limodzi ndi pepala lokulunga kudzanja linalo. Anaima n'kuwerenga dzina langa pachitseko cha galimoto yanga.

"Amenewo ndi ndani?" ndinafunsa, ngakhale ndinali nditadziwa.

"Mkamwini wanga, a Pyo. Ndawaitana ndine."

"Koma mwana wanu anati..."

"Mwana wanga amayesa mwamuna wake ndi dzira. Lowani, a Pyo! Pondani bwino, pali mbale."

A Pyo analowa, n'kuwerama kupereka moni kwa apongozi awo, kenako kwa ine. Makutu awo anali ofiira, ndipo sindikuganiza kuti chinali chisanu chokha.

"Ndamva kuti mwabwera kudzaona ntchito yanga," anatero. "Ndabweretsa chojambula. Masamu ake ndinawabwereza katatu."

Anatambasula pepala pathebulo n'kulipsinja ndi manachesi m'makona. Ndinali nditakonzeka kuona zinthu zoseketsa. Koma ayi. Chojambulacho chinali chabwino kuposa za amisiri ena amene ndimawadziwa. Njira zinayi za madzi, iliyonse yotalika mofanana ndi inzake. Mipata yofanana paliponse. M'mbali mwa mawindo anathinitsa pang'ono, monga zimafunikira.

"Aphunzitsi," ndinatero, "nyumba imene ili papepalayi ndi yofunda. Koma si nyumba ino."

Ndinawapatsa kamera. Anayang'ana pagalasi nthawi yaitali, kenako anavula magalasi awo n'kuyamba kuwapukuta ndi juzi.

"Papepala pali njira zinayi, kuboyila kuli ziwiri," ndinapitiriza. "Papepala mipata ndi yofanana, pansipa ayi. Sindikufunsa kuti ndikuchititseni manyazi. Ndikungofuna kudziwa. Chinachitika n'chiyani pakati pa pepala ndi simenti?"

A Pyo anayang'ana apongozi awo. Apongoziwo anayang'ana kudenga.

"Ndinasintha maganizo tsiku loyala," anatero a Pyo.

"Bodza," anatero Bambo Bong. "Munthu uyu satha kunama, taonani makutuwo. Ndine, mayi. Ine ndinakulira m'nyumba muno nthawi imene tinkasonkha moto m'ng'anjo, utsi n'kumadutsa kunsi kufunditsa pansi. Pakona paja ndi pamene panali pafupi ndi ng'anjo. Pamenepo ndi pamene ankagona agogo, pamene ankaika mpunga wa munthu wochedwa. Ndiye nditaona mkamwini akuyala mofanana paliponse ngati akulemba mizere m'kope, ndinati ayi, nyumba imafunika malo amodzi otentha kwenikweni. Ndinamuuza kuti azungulize pamenepo. Anati masamu sakulola. Ndinati nyumba ndi yanga."

"Paipi inayamba kuchepa," anatero a Pyo motsitsa mawu. "Galimoto ya simenti inali ikubwera 2 koloko. Ndinaona kuti ndikadula panayi sikwana, ndiye chipinda chino ndi chogona ndinaziika pa njira imodzi, n'kutalikitsa mipata."

"Nanga Mi-ran munamuuza?"

"Akanakangana ndi bambo ake. Ndinaona kuti bola aziyesa kuti ndine."

Bambo Bong anasenda nachesi n'kuwapatsa a Pyo theka osawayang'ana.

Tsopano zinayamba kumveka. Kachipangizo koyeza kutentha kanali pakhoma la chipinda chogona. Popeza kumeneko sikunkafunda, kankangoiuza boyila kuti isaleke. Boyila inkatentha madzi usana ndi usiku, madziwo n'kumakhuthulira moto wawo pakona paja. Koma za pachitseko zinali zisanamveke. Njira yaitali imafooka, koma siduka ngati aidula ndi mpeni.

"Simenti inalowa bwanji m'nyumba?" ndinafunsa.

"Galimoto inalephera kukwera kakhwalala," anatero a Pyo. "Tinatuta ndi wilibala."

"Munayala matabwa pamwamba pa mapaipi?"

"Tinayala. Koma pachitseko thabwa silinakwane, linali lalitali."

"Ankayendetsa wilibala ndani?"

A Pyo anaweramira pachojambula chawo. Bambo Bong anameza nachesi.

"Zaka makumi anayi sindinagundepo ngakhale nkhuku," anatero.

"Tiyeni tione ngati simunagunde paipi."

Ndinafunsa ngati akundilola kuswa. Anati ndiswe. Tinapinda kapeti ya pulasitiki, ndipo ndinazunguliza ndi choko malo ngati kukula kwa thireyi. Makina sindinagwiritse ntchito, kuopa kuboola. Ndinatenga nyundo ndi tchizulo n'kumagogoda pang'onopang'ono, amuna awiriwo atagwada uku ndi uku, mitu yawo itatsala pang'ono kugundana ndi wanga. Patapita mphindi makumi awiri paipi inaonekera. Inali yoyera, yozungulira bwino, kenako pamalo ngati zala zitatu inali yophwatalala ngati kapaipi komwera chakumwa kamene mwana wakatafuna.

Bambo Bong anaikhudza ndi chala. Kumbali ino inali yotentha, kumbali inayo yofunda pang'ono chabe.

"Tayala limodzi lokha," anatero. "Ndinamva kuti ndadumpha kanthu."

"Musanathire simenti munayeza?" ndinafunsa a Pyo.

"Tinalowetsa madzi, anatulukira mbali inayo."

"Nthawi imeneyo wilibala inali isanadutse. Ife timapopera madzi mpaka muvi wa geji yoyezera mphamvu ya madzi ukwere, n'kuusiya choncho pamene simenti ikuthiridwa. Paipi yodzaza siphwanyika msanga, ndipo ikabooka muvi umakuuza pomwepo, simenti isanaume."

A Pyo anatulutsa cholembera m'thumba n'kulemba kuseri kwa chojambula chawo. Anandifunsa kuti muvi uzikwera mpaka pati, ndiponso kwa maola angati. Manyazi aja anali atachoka. Anali ngati mwana wasukulu amene wapeza pamene samu inasokonekera.

Panatsala chinthu chimodzi chimene chinkandivutitsa. Pofika m'mawa uja ndinaona kuti kuseri kwa nyumba, mbali yoyang'ana phiri kumene dzuwa silifika, chipale chofewa chinali chitasungunuka m'mphepete mwa khoma. Ndinawatengera onse awiri panja. Ponseponse panali mbuu, koma m'tsinde mwa khomalo munali kamzere ka dothi lonyowa, ndipo timaudzu tinali titamera biriwiri.

"Udzu mu Januwale," anatero Bambo Bong. "Ndimayesa ndi mwayi."

"Ndi palafini wanu ameneyu. Aphunzitsi, pansi pa mapaipi munayala matabwa a thovu aja otchinga kutentha?"

"Ndinayala." Anayang'ana kamzere ka dothi kaja. "Anatha kutatsala mzere umodzi. Ndinaona ngati kamzere kamodzi sikangasinthe kanthu."

"Aha!" anafuula Bambo Bong, n'kuwamenya mkamwini wawo pamsana mokondwa. "Ndiye si ine ndekha!"

Kuswa nyumba yonse pakati pa chisanu sikukanatheka. Tsiku limenelo ndinadula pophwatalala paja n'kulumikiza ndi cholumikizira chamkuwa. Ine sindikwirira cholumikizira m'simenti, chifukwa tsiku lina chimadontha ndipo sungadziwe. Choncho dzenjelo ndinalisiya lotsegula n'kulivundikira ndi thabwa. Ndinatulutsa mpweya m'mapaipi, n'kuchepetsa madzi opita kuchipinda chachitatu kuti ambiri azipita ku njira yaitali ija. Pofika 3 koloko, chipinda chogona chinayamba kufunda pang'ono, ndipo boyila inazima yokha koyamba chiyambire Novembala. Tonse atatu tinatembenuka titamva kuti kwachita bata.

A Pyo ndi amene anamuimbira Mi-ran, ine ndikulongedza zida. Sindinamve zonse. Ndinangomva mawu a mkazi akukwera pafoni, kenako a Pyo akupereka foniyo kwa apongozi awo, iwo n'kuigwira patali ndi khutu.

Soya wa mwezi umenewo anamuika pamene panali nambala 5, ndipo anananda. Ananditumizira m'kabokosi kudzera kwa dalaivala wa basi amene anali mnzawo, ndipo ndikukhulupirira kuti anthu a m'basimo sanamuthokoze.

Ndinabwerera mu Meyi, mapiri atabiriwira. A Pyo anatenga masiku atchuti n'kubwera ndi magolovesi atsopano. Tinagwirizana kuti chojambula chikhala chawo chomwe chija, koma wolamula ndine. Bambo Bong tinawapatsa ntchito yophika ndi yoyang'anira geji. Wilibala tinawaletsa.

A Pyo chaka chatha anangoyala pamwamba pa simenti yakale. Ine ndinafuna matabwa a thovu ochindikala, ndipo kuti zitseko zizitsegukabe tinayenera kukumba mozama. Tsiku lachiwiri, titachotsa simenti yakaleyo, fosholo inagunda mwala. Tinapalasa dothi n'kupeza miyala yaphanthiphanthi, ikuluikulu, yoyalidwa mogundana. Titatembenuza umodzi, kunsi kwake kunali bii ndi mwaye, ndipo pansi pake panali ngalande yowakidwa ndi timiyala ndi dongo.

Bambo Bong anabwera ndi chikombe cha msuzi m'manja.

"Anayala bambo anga," anatero. "Ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndimayesa anaichotsa kalekale pamene tinkaika boyila yoyamba."

Ntchito inaima. Tinavundukula mwala umodziumodzi n'kumatsatira ngalande za utsi. Zinali zisanu, zoyambira pamene panali ng'anjo n'kutambasuka ngati nthiti za ambulera, kenako n'kukumananso kumapeto. A Pyo ndi amene anaona za miyalayo. Anayeza wa pafupi ndi ng'anjo ndi chikhatho, n'kupita kukayeza wa kumapeto.

"Mayi Tak, taonani. Uwu ndi wochindikala kawiri kuposa uwo. Ndipo apa anasanjikiza iwiri."

Ndinagwada n'kuona. Zinalidi choncho. Pafupi ndi moto anaika miyala yochindikala kuti kutentha kuchedwe kutulukira, ndipo kutali anaika yopyapyala kuti kutuluke msanga. Ndinali nditamvapo kwa amisiri achikulire, koma ndinali ndisanaone ndi maso.

"Ndiye mukutanthauza kuti bambo anga sankafuna kuti pakonapo pazitentha kwambiri?" anafunsa Bambo Bong.

"Ankalimbana napo," ndinatero. "Moto unkangowaposa mphamvu."

Anakhala pa mulu wa dothi n'kuyang'ana ngalandezo kwa nthawi yaitali. Msuzi unali ukudontha kuchokera pachikombe kugwera pa buluku lawo.

"Munthu uja sankalankhula," anatero. "Ankangoti bweretsa mwala, chotsa mwala. Ine ndimayesa akungosankha yokongola."

Miyalayo anakana kuti tiikwirirenso. Tinaitulutsa yonse, makumi atatu ndi umodzi, ine ndi a Pyo titagwira uku ndi uku, ndipo iwo ankatiuza poika kuti igone pabwalo monga inagonera m'nyumba. Zinatidyera tsiku lathunthu. Ndinaimbira a simenti kuti asabwere Lachinayi, abwere Loweruka.

Lachisanu tinayala matabwa a thovu mpaka kukhoma, osasiya mpata ngakhale wolowa chala. Tinayala njira zinayi, a Pyo akumanga paipi pa waya, ine ndikuyeza mipata ndi kamtengo kamene ndinadula. Madzulo ndinapopera madzi, muvi n'kukwera. Bambo Bong anakoka mpando n'kukhala patsogolo pa geji, magalasi ali pamphuno.

Loweruka m'mawa nditafika ndinawapeza ali pabwalo, akutsuka mwaye pa mwala wina ndi burashi.

"Muvi uli bwanji, bambo?"

"Sunasunthe. Ndauona kasanu." Anawongoka n'kuloza pamwalapo. "Tabwerani kaye, mayi, simenti isanafike. Apa pali zilembo zogoba, koma maso angawa akukanika. Kodi ndi dzina limeneli, kapena ndi chaka?"